Swither: mafunso ndi mayankho pa mawu akale a ku Scotland onena za mitima iwiri

Ku Scotland kuli mawu ena oti ukawamva koyamba umaganiza kuti khutu lakunamiza, "swither". M'mabuku a Chingerezi a ku sekondale mulibe, aphunzitsi sanatiuzepo, koma kumeneko anthu amawatchula tsiku ndi tsiku, mu shopu, pa wailesi, mu nyuzipepala, ndipo akhala akuwatchula kwa zaka zoposa 500. Nawa mafunso amene munthu amakhala nawo akakumana ndi mawuwa.

Kodi swither yo ndiye kuti chani kwenikweni?

Ndi kukhala ndi mitima iwiri. Pali zinthu ziwiri patsogolo pako, zonse ukuziona bwinobwino, zonse zili ndi ubwino wake, mtima wina ukuti tenga ichi wina ukuti ayi tenga icho, nde iwe wangoima pakati osapita uku osapita uko. Kumeneko ndiye ku-swither.

Tiyerekeze muli mu shopu ya tchipisi ku Glasgow Lachisanu madzulo, mzere wafika pakhomo, bambo wina wafika pa kauntala koma maso ali pa bolodi la mitengo, dzanja lalowa m'thumba latulukanso, wayamba kunena kuti nsomba kenako waleka poti soseji yangotuluka kumene m'mafuta ikuchita kununkhira. Mayi wogulitsa uja atha kungoti "Ye're switherin", kutanthauza kuti bambo inu mitima yakuchulukirani. Bamboyo sanaiwale ndalama, sakukayikira zoti nsombayo ndi yabwino, komanso si waulesi. Akungolephera kusiya chimodzi. Ndipo mawuwa sasankha kukula kwa nkhani, amagwira pa soseji, amagwira pa nkhani yosiya ntchito, ya ukwati, ya voti, ya kubwerera kumudzi.

Amatchulidwa bwanji?

Apa a Chichewa tisamale. "Th" wathu wa thupi, thumba, thobwa si ameneyu ayi. Uyu ndi uja wa Chingerezi woika lilime pakati pa mano, womveka mu "mother" ndi "weather". Ndiye poyamba "swi" wamfupi, kenako "ther", ndipo anthu ambiri a ku Scotland "r" wakumapeto samumeza ngati amachitira a ku London, amamutchula ndithu lilime n'kugunda pang'ono. Amamveka mofanana ndi mawu ena a Scots monga "mither" amene ndi mayi, "brither" amene ndi m'bale wamwamuna, ndi "thegither" kutanthauza pamodzi. Alakatuli akhala akuwakonda chifukwa cha zomwezi, mawu ogwirizana nawo kumapeto kwa mzere ndi ambiri.

Mukuti Scots, chimenecho si Chingerezi chongophwanya basi? Kapena ndi Gaelic ija?

Si Gaelic, komanso si Chingerezi chophwanya. Ku Scotland kuli ziyankhulo zitatu zakwawo. Pali Chingerezi. Pali Gaelic, ya m'banja limodzi ndi chiyankhulo cha ku Ireland, imene yatsala kwambiri ku zilumba za kumadzulo ndipo pa kalembera wa 2022 oiyankhula anali pafupifupi 70,000. Ndiye pali Scots, imene inachokera ku Chingerezi chakale chomwe chinkayankhulidwa ku Northumbria, kumpoto kwa England ndi kummwera chakummawa kwa Scotland. Scots ndi Chingerezi cha lero ndi ana a kholo limodzi koma aliyense anakula kwake. Scots inatola mawu ambiri kwa anthu a ku Scandinavia, ku Chifalansa, kwa amalonda a ku Netherlands ndi Flanders, ndi ku Gaelic yomwe. M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 inali chiyankhulo cha mfumu, cha makhoti ndi cha malamulo a dziko.

Pa kalembera wa 2011 anthu pafupifupi 1.5 miliyoni ananena kuti amayankhula Scots, ndipo wa 2022 anapezanso nambala yoyandikira pomwepo. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo ya ku Scotland inavomereza lamulo lopatsa Scots ndi Gaelic ulemu wa ziyankhulo zovomerezeka ndi boma. Nde amene amati ndi Chingerezi cha anthu osaphunzira akulakwitsa kwabasi, ndipo kulakwitsa kumeneku kwapweteka ana ambiri kumeneko, tifikako.

Swither inalembedwa liti koyamba?

Madikishonale amaloza ku chaka cha 1501, mu ndakatulo yaitali ya Gavin Douglas yotchedwa The Palice of Honour, imene anailembera mfumu James IV. Douglas anali wansembe, mwana wa banja lamphamvu, pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Dunkeld, ndipo ndi yemwe uja anamasulira Aeneid yonse, ndakatulo yaitali ya Virgil wa ku Roma wakale, kuchoka m'Chilatini kupita mu Scots n'kumaliza mu 1513. Iyeyu ndi mmodzi mwa oyambirira kutchula chiyankhulo chake kuti "Scottis", poti asanabwere iye ambiri ankangochitcha "Inglis".

Mu ndakatuloyo mawuwa analembedwa kuti "swidder", ndipo akukamba za mlonda ali pamwamba pa khoma akufuula, mitima ya anthu n'kugwedezeka. Taonani kuti pachiyambi pomwe ndi nkhani ya mtima, mtima wosakhazikika, wotekeseka. Komanso tisanamizane kuti Douglas ndi amene anawapeka. Mawu akafika polowa mu ndakatulo yolembera mfumu ndiye kuti anthu akhala akuwayankhula kale m'misika ndi m'makomo, 1501 ndi chaka chongogwidwa ndi inki basi.

Nanga swidder inasanduka bwanji swither?

Izi zinachitikira mawu ambiri nthawi imodzi, mu Scots ndi mu Chingerezi momwe. "D" amene ali pakati pa mawu, kutsogolo kwake kuli "er", anafewa n'kukhala "th". Kale ankati "fader" lero "father", ankati "weder" lero "weather", "gader" lero "gather". Swidder inangotsatira anzake. Koma si dera lililonse linasintha. Kumpoto chakummawa, cha ku Aberdeen uko, kumene kayankhulidwe kawo amakatcha Doric, mumamvabe "fadder" ndi "midder", ndipo "swidder" ikadalipo. Ku Shetland nakonso "d" ndi amene amalamulira. Choncho mukaona masipelo awiriwa musaganize kuti wina walakwitsa.

Koma mawuwa anachokera kuti?

Akatswiri sanagwirizanepo chimodzi. Ena amawalumikiza ndi mawu a Chingerezi chakale akuti "swithrian", amene ankatanthauza kuchepa mphamvu, kufooka, kubwerera m'mbuyo, ndipo zikumveka poti munthu wa mitima iwiri amakhala ngati mphamvu yopitira patsogolo yamuthera. Ena amayang'ana ku Norway, kumene kuli mawu ofanana nawo onena za kuthamangira uku ndi uku, ndipo naponso zikumveka chifukwa anthu a ku Scandinavia anasiya mawu ambirimbiri mu Scots. Madikishonale akuluakulu amangolemba kuti chiyambi chake n'chosatsimikizika.

Ine mbali yachiwiriyi imandikoka, osati chifukwa ndili ndi umboni woposa wa akatswiriwo ayi, koma chifukwa mukaona momwe anthu akhala akuwagwiritsira ntchito, mu swither mumakhala kayendedwe. Munthu sakhala phee. Phazi latsogola labwerera, dzanja lafika pa chitseko lachoka.

Ndamva wina akuti "in a swither". Ndi mneni kapena dzina?

Zonse. Ngati mneni, munthu amati "A'm switherin". Ngati dzina, amati ali "in a swither", ndiye kuti ali mkati mwa njakata imeneyo. Dzinali limaoneka m'zolemba mochedwerapo, koyambirira kwa zaka za m'ma 1700, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imakoma.

Allan Ramsay, amene anayamba ngati wopanga mawigi ku Edinburgh kenako n'kukhala wogulitsa mabuku komanso mlakatuli, analemba kalata ya ndakatulo kwa mnzake mu 1719. Poyamba pa kalatayo akujambula msilikali wakwera hatchi mwamatama, lupanga ndi mfuti zili m'chiuno, koma atangokwera waima kaye mu "jumbled swither", sakudziwa ngati alowere msewu uwu kapena uwo, mpaka angomenya hatchi n'kupita osalabadanso za kumene akupita. Chithunzi cha pa mphambano chimenechi ndiye mtima weniweni wa mawuwa, ndipo chakhala choncho mpaka lero.

Kenako Robert Burns, mlimi komanso mlakatuli wa ku Ayrshire amene anabadwa mu 1759 n'kumwalira mu 1796, yemwe mpaka pano amamukumbukira pa 25 January chaka chilichonse. Mu Death and Doctor Hornbook, imene analemba mu 1785, munthu akuchokera komwa mowa usiku, mwezi ukutuluka pa mapiri a Cumnock, akudzandira pang'ono atatsamira ndodo, kenako akumana ndi chinthu chachitali choonda chitanyamula chikwakwa phewa lina, phewa linalo mkondo wa mano atatu wobayira nsomba. Ndi Imfa. Ndipo akuti chinthucho "pat me in an eerie swither". Apa si nkhani ya nsomba ndi soseji ayi, ndi mantha oimitsa tsitsi, athawe kapena aime, miyendo ikukana zonse. Ndakatuloyo kwenikweni inkanyoza mphunzitsi wa ku Tarbolton, John Wilson, amene ankagulitsa mankhwala n'kumadziyesa dokotala, Imfayo ikudandaula kuti akuilanda ntchito.

Mu ndakatulo ina ya mu buku lake loyamba la ku Kilmarnock la 1786, yodandaulira aphungu za msonkho wa kachasu wawo uja wa whisky, Burns akunyoza asilikali a mayiko a vinyo kuti ganizo lawo lolimba mtima kwambiri ndi "a hank'ring swither to stan' or rin", kutanthauza kujejema pakati pa kuima ndi kuthawa. Nde onani, munthu mmodzi, m'zaka ziwiri zokha, wawagwiritsa ntchito pa mantha a usiku komanso pa umantha wa pankhondo. Mawu amoyo amatero, amatambasuka.

Ndiye ali ndi matanthauzo angati?

Lalikulu ndi lomwe lija, kulephera kusankha. Kuchokera pamenepo panatuluka la kutekeseka, kupanikizika, munthu wabalalika mutu mwina alendo akubwera nyumba isanakonzedwe, naye amanenedwa kuti ali mu swither. Pali la mantha lija la Burns. Ndiye palinso lina lokhudza zinthu osati anthu, chinthu chosakhazikika, chosinthasintha maonekedwe. Nyengo imachita swither, kumwamba kukuoneka ngati kugwa mvula komanso ngati kuwala dzuwa, ndipo ku Scotland zimenezi ndi za tsiku lililonse, munthu amaima pakhomo jekete ili m'manja akuyang'ana mitambo, iye ali mu swither kumwamba nakonso kuli mu swither. Mlakatuli Robin Robertson anatcha buku lake la 2006 kuti Swithering pofuna matanthauzo awiri onsewa, kukayikakayika ndi kusintha maonekedwe, ndipo bukulo linapata mphoto ya ndakatulo ya Forward chaka chomwecho.

Mu dikishonale mupezanso "swither" zina zimene zimangofanana sipelo koma ndi mawu ena. Pali yonena za kuthamanga mwaliwiro kapena kuzungulira ngati kamvuluvulu. Pali yonena za kutentha ndi kuwawa ngati wapsa, imene akatswiri amailumikiza ndi mawu akale a ku Scandinavia onena za kupsa, ndipo kuchokera pamenepo asodzi a m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja ankatcha jellyfish, chamoyo chofewa choterera cha m'nyanja, kuti swither poti ikakukhudza khungu limayaka moto. Izi lero sizimveka kwambiri. Munthu wa ku Dundee kapena Paisley akati swither, ndi mitima iwiri ija.

Zikusiyana bwanji ndi doubt, dither ndi haver?

"Doubt" ya Chingerezi ndi kukayikira ngati chinthu chili choona. Utha kukayikira nkhani ya munthu uli khale pampando, palibe chosankha. Swither imafuna njira ziwiri. Komanso chenjerani ndi "doot" ya Scots, poti imeneyi imapusitsa alendo ambiri. Munthu wachikulire akayang'ana kumwamba n'kunena kuti "A doot it's gaun tae rain" sakunena kuti akukayika zoti mvula igwa ayi, akunena kuti akuona kuti igwa ndithu ndipo sizikumusangalatsa. Wa Chingerezi cha kusukulu amva zosemphana n'kusiya ambulera.

"Dither" ndi amene ali pafupi, koma ali ndi kachipongwe. Ukamunena munthu kuti akuchita dither ndiye kuti wamutopera, akuchedwetsa anthu, alibe msana. Swither nthawi zambiri ilibe mnyozo umenewo.

"Haver" ndiye ina yosokoneza. Ku Scotland haver ndi kubwebweta, kuyankhula zopanda mutu, ndipo akati "Havers!" ndiye kuti zabodza izo. Koma ku England ena anawatola mawuwa n'kumawagwiritsa ntchito ngati kuzengereza. Wa ku Scotland akamva zimenezo amadabwa, chifukwa kwa iye ntchito imeneyo ndi ya swither.

Pa mawu a mwina, Scots ili ndi "aiblins" amene ndi akale ndipo lero amapezeka kwambiri m'mabuku, ndi "mibbe" amene mumva pa basi.

Ndiye si chipongwe kumuuza munthu kuti akuchita swither?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa ndi pamene ine ndimawakondera mawuwa. Anthu amadzinenera okha opanda manyazi, "A'm still switherin", ngati momwe unganenere kuti ndikudya kaye. Akuvomereza kuti kusankha ndi ntchito, imatenga nthawi, ndipo munthu amene ali mkati mwake si chitsiru. Mnzako akakuuza choncho akukupatsanso mpata woti uponyepo ganizo, sanatseke chitseko.

Inde, mawu aliwonse amatha kuluma malinga ndi kamvekedwe. Burns anawagwiritsa ntchito ponyoza asilikali aja. Mayi atha kukalipira mwana kuti "Stop yer switherin" basi ikunyamuka. Andale amanenana kuti boma likuchita swither pa nkhani yofunika changu. Koma mnyozowo umachokera pa nkhaniyo ndi pa liwu, mawu paokha ndi ofatsa.

Ngati Scots inali ya mafumu, zinatani kuti ifike pomatchedwa yophwanya? Nanga swither inapulumuka bwanji?

Zinayenda pang'onopang'ono. Mu 1560 dziko linasintha chipembedzo n'kukhala la Chipulotesitanti, koma Baibulo limene linalowa m'matchalitchi ndi m'makomo linali la Chingerezi, la Geneva. Ndiye anthu ankayankhula Scots pamoto koma Mulungu ankamumva m'Chingerezi. Chipangano Chatsopano cha Scots cha W. L. Lorimer chinadzatuluka mu 1983, taganizani kutalika kwa nthawi imeneyo. Mu 1603 mfumu James VI inalandiranso ufumu wa England n'kusamukira ku London, alakatuli ndi akuluakulu a kunyumba ya mfumu n'kutsatira. Mu 1707 nyumba za malamulo ziwiri zinaphatikizidwa, malamulo n'kumapangidwa ku Westminster, ku London.

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1700 anthu ophunzira a ku Edinburgh anali ndi manyazi ndi kayankhulidwe kawo. David Hume, katswiri wa filosofi uja, anachita kusindikiza mndandanda wa mawu a Chiskotishi oyenera kupewa polemba, ndipo James Beattie anatulutsa buku lathunthu la zomwezo. Sukulu zitakhala zokakamiza kuyambira 1872, m'kalasi munali Chingerezi, ndipo agogo ambiri kumeneko amakumbukira kukwapulidwa m'manja ndi lamba wachikopa wotchedwa tawse chifukwa chonena "aye" m'malo mwa "yes". Amene tinapatsidwapo chibalo pa sukulu chifukwa cholankhula Chichewa pa tsiku la Chingerezi, ululu umenewu sitifunika kuufotokozeredwa.

Mawu ambiri anafadi m'nyengo imeneyi, makamaka a ku munda ndi a zipangizo zimene zinatha ntchito. Swither inakana kufa chifukwa Chingerezi chinalibe mawu ogwira ndendende pamalo pake. Loya, dokotala, mphunzitsi yemwe amakwapula ana uja, onse akafika pa mitima iwiri ankapeza kuti "hesitate" ndi yozizira, "dither" ndi yonyoza, n'kubwerera ku swither. Nde inadutsa mpanda n'kulowa mu Chingerezi cha ku Scotland, moti lero munthu woti sanena "hoose" m'malo mwa "house" kapena "dinna" m'malo mwa "don't" amanena swither osadziwa n'komwe kuti ndi Scots, mpaka atapita ku London anthu n'kumuyang'ana modabwa.

Olemba madikishonale nawo anathandiza. John Jamieson, m'busa, anatulutsa dikishonale yaikulu yoyamba ya Scots mu 1808. Kenako panabwera ziwiri zikuluzikulu, Scottish National Dictionary ya mavoliyumu 10 imene inatenga kuyambira 1931 mpaka 1976 ndipo imasunga mawu a kuyambira 1700, ndi Dictionary of the Older Scottish Tongue ya mavoliyumu 12 imene inamalizidwa mu 2002. Kuyambira 2004 zonse ziwiri zili pa intaneti mwaulere. Anthu anathera moyo wawo wonse akulemba timapepala ta mawu, ena anamwalira ntchito isanathe, ndipo ndi chifukwa cha iwo tikutha kuloza kuti 1501, 1719, 1785.

Ma "switherers" ndi ndani?

Switherer ndi munthu amene akuchita swither, koma dzinali linatchuka kwambiri mu 2014. Pa 18 September chaka chimenecho Scotland inachita referendamu yofunsa ngati ikhale dziko loima palokha, ndipo ngakhale achinyamata a zaka 16 analoledwa kuvota. Kwa miyezi yambiri nyuzipepala ndi mawailesi zinkakamba za anthu amene sanasankhe mbali, ndipo dzina lawo linali lomweli. Mbali zonse ziwiri zinkawasaka khomo ndi khomo. Kutatsala masabata osakwana awiri, kafukufuku wa YouGov anaonetsa a Inde ali patsogolo pang'ono ndi 51 pa 100 iliyonse, ku London kunatekeseka, David Cameron, Ed Miliband ndi Nick Clegg, atsogoleri a zipani zikuluzikulu za ku Britain pa nthawiyo, anathamangira kumpoto n'kulonjeza mphamvu zowonjezera ku Nyumba ya Malamulo ya ku Edinburgh. Pamapeto a Ayi anapambana ndi 55 pa 100, a Inde 45, ndipo anthu amene anavota anali pafupifupi 85 pa 100.

Chimene chimandigwira mtima ndi choti ambiri mwa anthu amenewa sanali osalabadira. Ankapita ku misonkhano m'maholo a matchalitchi, ankawerenga za ndalama ya paundi, za mafuta a ku North Sea, za penshoni, mtima ukukokera kwina thumba likukokera kwina. Kuwatcha anthu osadziwa kukanakhala kuwalakwira. Dzina la switherer linawakwana bwino chifukwa linkanena kuti munthuyu ali pa ntchito yoganiza.

M'Chichewa tinganene kuti chani?

Ambiri athamangira kuti kukayika, koma kukayika kwathu kumapendekera ku kusakhulupirira, monga ndikukayika ngati abwere. Kuzengereza ndi kuchedwetsa chinthu chimene ukudziwa kale kuti uyenera kuchita, nako sikukwana. Kujejema kukuyandikira, makamaka pa swither ya mantha ija. Kugwira njakata kukugwira bwino "in a swither" pa nkhani zikuluzikulu, koma simunganene kuti munthu wagwira njakata posankha pakati pa tiyi ndi khofi, mungachite kukokomeza. Kuwayawaya kuli ndi mnyozo ngati wa dither. Kakasi ndi pamene wasowa chochita, pomwe wa swither zochita ali nazo ziwiri.

Ine ndimaima pa mitima iwiri, kapena tinene momwe timanenera pocheza, mtima wina ukuti ndipite wina ukuti ndikhale. Pamenepo pali zonse, njira ziwiri, kukokana, komanso palibe kumuweruza munthu. Miyambi yathu pa nkhaniyi ndi yolangiza, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, mapanga awiri avumbwitsa, imakuuza mathero a munthu wosasankha. Swither siikuuza mathero, imangotchula pamene munthuyo waima. Ndiye womasulira ayang'ane chiganizo, pa Burns ndi Imfa aike mantha ndi kujejema, pa nyengo anene kuti kunja sikukudziwika bwino, pa voti aike mitima iwiri.

Poti amishoni a ku Scotland anakhala kwathu nthawi yaitali, bwanji mawuwa sitinawatole?

Ubale ulipodi, Livingstonia inayamba mu 1875, mishoni ya Blantyre mu 1876 ndipo dzinalo ndi la tauni imene David Livingstone anabadwira. Koma amishoniwo anali ana a sukulu zomwe zija zimene zinkati Scots ndi ya kunyumba basi. M'kalasi ankaphunzitsa Chingerezi cha m'mabuku, pa guwa ankalimbana ndi Chimang'anja ndi Chitumbuka, ndipo David Clement Scott anachita kulemba dikishonale yaikulu ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892. Scots yawo inkatsala pa khonde pocheza okhaokha. Zimene zinatsalira kwathu ndi mawu a kayendetsedwe ka mpingo. A CCAP akamati Kirk Session, "kirk" ameneyo ndi Scots yeniyeni, ndi tchalitchi, ndipo nyumba ya abusa kuitcha manse ndi chizolowezi chochokera komweko.

Pali ubale ndi St Swithin?

Palibe. Swithin kapena Swithun anali bishopu wa ku Winchester, kummwera kwa England, anamwalira m'zaka za m'ma 860, ndipo kuli kachikhulupiriro koti mvula ikagwa pa tsiku lake, 15 July, igwa masiku 40. Poti nkhani yake ndi ya nyengo anthu ena amaganiza kuti pali kulumikizana, koma ndi kungofanana kwa zilembo.

Amamveka kunja kwa Scotland?

Ku Northern Ireland inde, makamaka ku Antrim ndi Down kumene anthu ochokera ku Scotland anakakhazikika m'zaka za m'ma 1600 ndipo Scots ya kumeneko, yotchedwa Ulster Scots, ikadalipo. Kumpoto kwenikweni kwa England amadziwikanso. Kummwera, ena amawadziwa kuchokera mu nyuzipepala, ambiri ayi. Ku Johannesburg kapena ku Lilongwe mukawatchula konzekerani kufotokoza.

Ine ndangofika kumene ku Scotland, ndingawagwiritse ntchito kapena aziona ngati ndikuwatonza?

Gwiritsani ntchito, palibe vuto. Chimene chimakwiyitsa anthu ndi kuyeserera kamvekedwe kawo mokokomeza, koma kutola mawu n'kuwaika pamalo pake amakondwera nako. Simukufunikanso kusintha chiganizo chonse kukhala Scots, swither imalowa mu Chingerezi wamba bwinobwino. Mutha kunena "I'm swithering between the two" pa zinthu ziwiri, "I'm swithering about going" pa nkhani yopita kapena kusapita, "I swithered for ages" pa zomwe zinadutsa, kapena "I'm in a swither". Mu Scots yeniyeni mumva "atween", "aboot" ndi "ower" m'malo mwa "between", "about" ndi "over", ndipo za kale ena amati "swithert".

Amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba ndi amene muwamve kwambiri. Gogo akati "A'm switherin whether tae hae ma tea noo", tea ameneyo ndi chakudya chamadzulo, ndipo sanakane komanso sanavomere. Musachotse mbale, musalembenso mu fayilo kuti wakana kudya kapena kuti wasokonezeka mutu. Mupatseni mphindi zingapo, kapena mufunseni kuti mubwerenso nthawi yanji. Pa kalata yofunsira ntchito kapena pa mayeso a Chingerezi a IELTS ndiye asiyeni kaye, poti wochonga atha kukhala woti sanawamvepo, pamenepo lembani "undecided".